Zipsera za pa Mkono: Ulendo wa ku Chipoka

 Mwezi uno tifuna kukusimbirani za ulendo umene tinayenda kunka ku Chipoka, m'mbali mwa Nyanja ya Malawi, m'boma la Salima. Tinapitira nchito zina, koma zimene tinaona pa mikono ya anthu a kumeneko ndizo zinatsala m'mtima mwathu, ndipo tayesa kuti si bwino kuzisunga tokha.

Tinanyamuka ku Mtakataka mbandakuca, m'mwezi wa Okutobala. Amene anayendapo njira iyi adziwa kuti mapiri a Dedza akhala ku dzanja lamanzere ngati linga lalitali, ndipo ku dzanja lamanja dziko lingotsetsereka pang'ono pang'ono kufikira ku madzi. Nyengo imeneyo udzu wapsa, timitsinje taphwa natsala mcenga wokha wokha, milambe iima yopanda tsamba, ndipo migwalangwa yokha ndiyo ioneka yamoyo. Titapitirira Ngodzi dzuwa linayamba kuswa mtengo, ndipo pofika pa Chipoka malaya anali atamamatira ku msana. Koma titaponya maso kum'mawa ndi kuona nyanja iri mbee, ngalawa zirikubwerera ku gombe, kutopa konse kunatha.

Chipoka ndi doko lodziwika. M'caka ca 1935 njanji yocokera ku Blantyre inafika ku Salima, ndipo pano ndi pamene inayandikana ndi nyanja. Motero katundu wa m'sitima ya pamtunda ankatsitsidwa pano ndi kukwezedwa m'sitima ya pamadzi kunka kumpoto. Akulu akumbukabe mluzu wa Ilala, imene inayamba kuyenda pa nyanja m'caka ca 1951, ndi cipiringu ca anthu odzacingamira abale ao. Lero ambiri afika pa galimoto ndi pa njinga, koma mudziwu sunaleke kukhala mphambano. Pa gombe mumva Cicewa, Ciyao ndi Citonga; muona amai akuyanika usipa pa mathandala, anyamata akusoka maukonde, ndi ogula nsomba ocokera ku Lilongwe ndi ku Dedza. Tsono dziwani ici, kuti njira imene ayendamo anthu ndi malonda, nthenda nazonso ziyendamo, ndipo sizilipira ulendo.

Madzulo tinalandiridwa pa khomo lina kufupi ndi gombe. Titadya nsima ya utaka, tinakhala pa mphasa pabwalo, pakuti m'nyumba munali motentha. Pamenepo agogo a pakhomopo, mai wa imvi, pokweza nyale anaonetsa cipsera cozungulira pa mkono, cofanana ndi ndarama yaing'ono. Tinafunsa kuti, “Agogo, kodi ici ndi moto?” Iwo anaseka nati, “Iai, Aphunzitsi, iyi ndi nthomba imene inandiphonya.” Ndipo anatisimbira kuti ali buthu nthenda imeneyi inalowa m'mudzi mwao. Odwala ankawamangira misasa kuchire, ndipo cakudya ankangowasiyira patali. Mlongo wao anamwalira, malume ao anacira koma maso anafa, ndi nkhope inatsala maenje maenje. Pambuyo pace kunadza anthu a Boma, nasonkhanitsa mudzi wonse pansi pa mtengo, nabaya yense pa mkono, akulu ndi ana omwe.

Acinyamata a lero nthomba saidziwa, ndipo ena aisokoneza ndi katsabola. Nthomba yeniyeni, ya mtundu woopsa, inkapha anthu ngati atatu mwa khumi amene inawagwira. Koma anthu anazindikira kale kuti wodwalapo kamodzi sadwalanso. Cifukwa cace m'maiko ambiri a mu Afrika ndi ku Asia ankatenga mafinya a wodwala ndi kuwapaka pa mphini ya munthu wamoyo, kuti adwale pang'ono napulumuke. Munthu wina wa mu Afrika, Onesimus dzina lace, wogwidwa ukapolo ndi kutengedwa ku Boston m'dziko la Amerika, ndiye anaululira mbuye wace nzeru iyi, ndipo inayesedwa kumeneko pa mliri wa 1721. Njirayo inali ndi ngozi, pakuti ena ankafa nayo, ena ankapatsira anzao. M'caka ca 1796 dotolo wa ku England, Edward Jenner, anaonetsa kuti nthomba yofatsa ya ng'ombe ichinjiriza munthu ku nthomba yakupha. Apo ndi pamene panayambira katemera amene timdziwa. Ngakhale dzina lomwelo ndi lathu lathu: licokera ku kutemera, monga makolo ankatema mphini ndi kutikitamo mankhwala.

M'dziko lathu nthomba inaoneka kotsiriza m'caka ca 1971. Pa dziko lonse lapansi womariza kuitenga mwa njira ya masiku onse anali Ali Maow Maalin wa ku Merca, m'dziko la Somalia, mu Okutobala 1977, ndipo anacira. Pa 8 Meyi 1980 Bungwe la Zaumoyo pa Dziko Lonse linalengeza kuti nthomba yatha. Ndiyo nthenda yokha ya anthu imene yathetsedwa kotheratu kufikira lero. Cifukwa cace adzukulu a agogo aja alibe cipsera cotere. Nkhondo imeneyo inamenyedwa pa mikono ya agogo ao.

M'mawa mwace tinamva kuti kuli sikelo m'mudzi wina wa kumtunda pang'ono, ndipo tinatsagana ndi amai a pakhomo paja. Tinapeza amai ambiri atakhala pansi pa mtengo wa mango, yense ndi mwana ku msana ndi kabuku ka kucipatala m'dzanja. Sikelo inapacikidwa pa nthambi. Mlangizi wa zaumoyo anafika pa njinga, atamangirira kabokosi kumbuyo. Alangizi amenewa ali ndi mbiri yao: nchito yao inayamba ndi obaya katemera wa nthomba aja a m'zaka za m'ma 1960, amene pambuyo pace anatumidwa kulimbana ndi kolera, kufikira anasanduka alangizi amene tiwaona lero m'midzi.

Kabokosiko anakaika pa mthunzi, ndipo sanalole mwana ali yense kukatsegula. Anatifotokozera kuti akatemera ambiri afuna kukhala pozizira, pakati pa madigiri 2 ndi 8, kuyambira kumene apangidwa kufikira pa mkono wa mwana. M'dziko lotentha ngati la Chipoka imeneyi ndi nchito yaikuru, ndipo zipatala zambiri za kumidzi zisunga katemera m'mafiriji oyendera mphamvu ya dzuwa. Tinadabwa kuti dzuwa lomwe linatiwamba pa njira ndilo liziziritsa mankhwala a ana.

Kodi katemera agwira nchito bwanji? M'thupi mwa munthu muli asilikari amene amenyana ndi tizirombo ta nthenda. Koma msilikari akakomana ndi mdani amene sanamuonepo, acedwa kumzindikira, ndipo pamene acedwa mdani aononga mudzi. Katemera ndi kacirombo kofooketsedwa, kapena kakufa, kapena kacidutswa kace cabe. Alowa m'thupi kuti asilikari amuone nkhope, namkumbuke. Tsiku lakudza mdani weniweni, apeza mudzi uli maso. Ndico cifukwa cace mwana nthawi zina atentha thupi tsiku limodzi kapena awiri, ndi pobayapo patupa pang'ono: asilikari alikuphunzira. Koma kutenthako kukapitirira, kapena mwana akakomoka, kapena akabanika, thamangani naye ku cipatala osazengereza.

Boma linakhazikitsa ndondomeko ya katemera wa ana m'dziko lonse m'caka ca 1979, ndipo katemerayo alandiridwa kwaulere. Mwana akangobadwa alandira BCG, amene amchinjiriza ku cifuwa cacikuru ca mtundu woopsa kwa ana, ndi madontho a poliyo. Akakwana masabata 6, 10 ndi 14 abwerera ku sikelo. Pa maulendo amenewa alandiranso wa poliyo, ndi jakisoni mmodzi wolimbana ndi nthenda zisanu pamodzi, amene anayamba m'caka ca 2002: kafumbata, cifuwa cokoka mtima, nthenda yotseka pakhosi, nthenda ya ciwindi, ndi kacirombo kena koyambitsa cibayo ndi kuumitsa khosi. Mu 2011 anaonjezapo katemera wa cibayo, ndipo mu 2012 madontho oletsa kutsegula m'mimba koopsa kwa makanda. Pa miyezi 9 alandira wa cikuku ndi rubela, nabwereza pa miyezi 15. Kuyambira mu 2023 alandiranso wa tayifodi pa miyezi 9. Ameneyu anayesedwa pa ana ngati 28,000 a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa mu Blantyre, napezeka kuti aletsa nthendayo kwa ana ngati 8 mwa 10.

Pamene mzere unali kutha, tinaona mai wina wacitsikana ataima patali, mwana wa caka ndi theka ali ku msana, ndipo sanayandikire. Amai a pakhomo paja anatinong'oneza kuti ameneyo ndi mpongozi wao wa kwa mbale, ndi kuti mwamuna wace ndi msodzi wa usipa amene atsata nsomba, mwezi uno ku Makanjira, mwezi wina ku Nkhotakota, banja lonse pambuyo pace. Mwanayo analandira katemera wa pobadwa ndi wa masabata 6 basi. Tsiku limenelo anatentha thupi usiku wonse, ndipo bambo wace analetsa kuti asapitenso, pakuti anamvanso ku gombe kuti katemera aumitsa mbeu ya ana.

Tinatsikira ku gombe, ndipo tinampeza bamboyo alikuyala ukonde, maso ali ofiira ndi tulo ta usiku wa pa nyanja. Tinamlonjera mwaulemu, ndipo iye anatiyankha mwaulemu. Sanali munthu woipa kapena wopusa. Anali tate woopa kutaya mwana wace. Anati, “Aphunzitsi, mwana wanga ali bwino bwino. Ndimbayitsirenji wosadwala?” Ife tinamfunsa ngati ukonde ausoka nsomba zitathawa kale, kapena asanalowe nao m'madzi. Anamwetulira, koma sanabvomere. Amene anamgonjetsa ndi agogo aja, amene anatitsata ndi ndodo yao. Anakwinya nsaru, namuonetsa cipsera, nati, “Mwana wanga, ine anandibaya ndisanathe msinkhu, ndipo ndabala asanu ndi awiri. Mkazi wako ali ndi cace pa mkono, ndipo wakubalira. Nanga mbeu youma iri kuti? Mlongo wanga wosabayidwa ndiye sanasiye mbeu.” Bamboyo anakhala cete nthawi yaitali, nayang'ana ku nyanja. Potsiriza anauza mkazi wace kuti athamange mlangizi asanapacike kabokosi pa njinga.

Mlangiziyo sanakalipe. Anatsegula kabuku, naona pamene analekezera, nauza maiyo kuti mwana wocedwa sayambiranso pa ciyambi, koma apitiriza pamene anasiyira. Ndi kuti kabukuko kagwira nchito pa cipatala ciri conse m'dziko muno, kaya ku Makanjira kaya ku Nkhotakota. Mau awa tiwabwereza kwa inu nonse amene muyenda yenda cifukwa ca nsomba, fodya kapena ganyu: kabuku ka mwana kayende m'thumba limodzi ndi ndarama.

Wina angayese kuti nthenda izi zinatha monga nthomba. Iai ndithu, zingobisala. M'caka ca 2010 cikuku cinabuka m'dziko lathu, cinagwira anthu oposa 130,000, ndipo oposa 300 anamwalira. Cikuku ndi nthenda yothamanga: wodwala mmodzi akhoza kupatsira anthu 12 kufikira 18 osachinjirizidwa, ndipo kuti isapeze njira pafunika kuti ana 95 mwa 100 akhale obayidwa. Poliyo wa kuchire sanaonekenso m'Malawi kuyambira 1992, ndipo mu Ogasiti 2020 Afrika yense analengezedwa kuti wamasuka kwa iye. Koma mu Febuluwale 2022 kunamveka kuti mwana wa zaka zitatu ku Lilongwe wapuwala naye, ndipo anzeru atapima kacirombo anapeza kuti mtundu wace ndi wa ku Pakistan. Caka comweco anaonekanso ku Tete, m'dziko la Mozambique. Pamenepo alangizi anayenda khomo ndi khomo kudonthezera ana m'kamwa, kuno ndi m'maiko oyandikana nafe, ndipo mu Meyi 2024 kunalengezedwa kuti mliriwo watha. Ngati kacirombo kaoloka nyanja zamcere kufika ku Lilongwe, kodi kalephera kufika pa gombe la Chipoka? Akulu anati caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.

Musayese kuti katemera ndi wa makanda okha. Anthu a m'mbali mwa nyanja sadzaiwala kolera amene anayamba ku Machinga mu Marici 2022, nafalikira maboma onse, nagwira anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700. Ndipo Salima anali mwa maboma obvutika kwambiri. Ameneyu sanasankhe msinkhu: anatenga asodzi amphamvu ndi amai a malonda. Katemera wace ndi wakumwa, ndipo amwa akulu ndi ana omwe. Mu 2016 anamwetsa asodzi a pa Nyanja ya Chilwa, amene agona m'zimbowela pa madzi. Koma katemera ameneyu sachinjiriza kotheratu, ndipo mphamvu yace icepa pakupita zaka. Cifukwa cace cimbudzi pa khomo ndi pa gombe, madzi owiritsa kapena othira kolorini, ndi kusamba m'manja ndi sopo, zikhalabe zofunika. Ndipo wotsegula m'mimba ngati madzi a mpunga amwetsedwe madzi a Thanzi pa njira yonse ya ku cipatala.

Amai oyembekezera alandira katemera wa kafumbata, ndipo mphamvu yace ifika kwa mwana ali m'mimba. Kacirombo ka kafumbata kakhala m'dothi ndi m'ndowe, ndipo kalowera pa bala. Kale makanda ambiri ankafa nako m'masabata awiri oyamba, mcombo utadulidwa ndi mpeni wakuda kapena utapakidwa phulusa: mwana aleka kuyamwa, nauma thupi. Mai amene alandira kasanu konse monga mwa ndondomeko achinjirizidwa zaka zace zonse za kubala. Nayenso msodzi wobayidwa ndi mbedza, kapena mlimi wodzitema ndi khasu, asangomanga bala ndi sanza, koma apite ku cipatala.

Atsikana ali ndi wao. Khansa ya khomo la ciberekero ndiyo khansa imene ipha amai ambiri m'dziko lathu, ndipo Malawi ali mwa maiko amene nthendayi yacuruka koposa pa dziko lonse. Iyamba ndi kacirombo kochedwa HPV. Mu Januwale 2019 Boma linayamba kubaya atsikana a zaka 9, pakuti katemerayo agwira bwino akalandiridwa munthu akali wamng'ono. Makolo, musaope kuti ameneyu aphunzitsa mwana makhalidwe oipa. Mwambo muphunzitsa ndinu, katemera angosunga moyo wa mai wa mawa. Ndipo amai akulu, amene katemerayu anawapitirira, apite kukapimidwa nthenda isanakule.

Pa gombe tinaona agaru ambiri olondola fungo la nsomba. Galu akaluma munthu, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri mphindi 15, nimupite ku cipatala tsiku lomwelo, pakuti ciwewe cikaonetsa zizindikiro palibe mankhwala. Katemera wace, amene Louis Pasteur anapulumutsa naye mnyamata Joseph Meister ku France m'caka ca 1885, agwira nchito ngakhale munthu atalumidwa kale, pokhapokha asacedwe. Ndipo a zoweta akaitana, tengerani agaru anu kukabayitsa. Okalamba naonso anaona tsiku lao: pamene Covid-19 anali kupha makamaka akulu ndi odwala shuga ndi mtima, katemera woyamba, wokwana 360,000, anafika ku Lilongwe pa 5 Marici 2021, ndipo okalamba anali mwa oyamba kuitanidwa.

Tinene zoona zonse. Pali nthenda za ku nyanja zimene katemera wace sanapezeke. Likodzo, limene ana alitenga posambira m'madzi odikha a m'bango momwe mukhala nkhono, licizidwa ndi mapiritsi amene agawidwa m'masukulu. Edzi nayonso iribe katemera. Wa malungo alipo tsopano, ndipo dziko lathu ndilo linali loyamba pa dziko lonse kumpereka kwa ana pa sikelo, pa 23 Epulo 2019, kuyambira m'madera a maboma 11. Koma iye acepetsa malungo, sawathetsa. Motero neti ikhale pa mphasa ya mwana, isapite ku nyanja kukakokera usipa, monga tinaona ndi maso athu m'mawa uja.

Tinabwerera tsiku lacitatu, dzuwa litapendeka. Poyandikira kwathu tinaona mapiri a ku Mua, kumene amisiyoni anamanga malo osamalira akhate m'caka ca 1927, masiku amene nthendayo inalibe mankhwala enieni. Tinakumbuka kuti madotolo amene anafufuza zaka zambiri ku Karonga anapeza kuti BCG, amene Calmette ndi Guérin anayamba kumpereka ku France mu 1921 cifukwa ca cifuwa cacikuru, acepetsanso khate pafupi ndi theka. Tinapinda malaya, ndipo tinapeza kacipsera kace pa mkono pathu. Sitikumbuka tsiku limene tinakalandira. Tidziwa kokha kuti amai athu anayenda mtunda wautali, ife tiri ku msana.

Tsono, abale, madzulo ano mukatha kudya, turutsani timabuku ta ana nimutiwerenge pa nyale. Wosadziwa kuwerenga afunse mnzace kapena mlangizi, pakuti safunsa anadya phula. Abambo, nchito iyi si ya amai okha: funsani tsiku la sikelo, bwerekani njinga, perekezani. Ndipo mukadziwa khomo limene mwana wace anasiyira pa njira, pitaniko mofatsa, osanyoza, monga anacitira agogo a ku Chipoka. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Tsalani bwino nonse, kufikira mwezi wa mawa.